Jefferson Davis: mtsogoleri amene adakana kumva kuti nkhondo yatha

Imfa ya pankhondo ndi yowawa nthawi zonse, koma yowawitsitsa ndi ya msilikali amene wafa nkhondo itatha kale. Pa 10 Meyi 1865, kunja kusanache bwino, magulu awiri a asilikali okwera pa akavalo adawomberana m'nkhalango ya mitengo ya paini pafupi ndi kamudzi ka Irwinville, m'chigawo cha Georgia ku America. Anyamata awiri adafera pomwepo ndipo ena angapo adavulala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti magulu onse awiriwo adali a mbali imodzi, ndipo ankasaka munthu mmodzi yemweyo. Munthuyo adali a Jefferson Davis, pulezidenti woyamba ndi wotsiriza wa zigawo zakummwera zimene zidagalukira boma la America pofuna kuteteza ukapolo.

Pa nkhondo yapachiweniweni imene idapha anthu oposa 620,000, imfa ziwiri sizioneka ngati nkhani. Koma kuti timvetse chimene anyamatawa adafera, tiyenera kuyang'ana moyo wa bambo amene adagona m'tenti pafupi ndi malowo usiku umenewo.

A Davis adabadwa pa 3 Juni 1808 m'chigawo cha Kentucky, ndipo adali mzime m'banja la ana 10. Patangotha miyezi 8, m'chigawo chomwecho mudabadwanso mwana wina dzina lake Abraham Lincoln. Makolo a Lincoln adasamukira kumpoto kumene ukapolo udali woletsedwa, pamene makolo a Davis adalowera kummwera n'kukakhazikika ku Mississippi, dziko la thonje ndi akapolo. Ana awiriwa ndiwo adadzatsogolera mbali ziwiri za nkhondo.

Amene adawaumba a Davis ndi mkulu wawo, a Joseph, amene adasiyana nawo zaka 23. A Joseph adali loya komanso mwini esiteti yaikulu ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndipo bambo awo atamwalira mu 1824 iwo ndiwo adakhala ngati kholo. Chaka chomwecho a Davis adalowa sukulu ya usilikali ya West Point. Sadali katswiri m'kalasi ayi: potuluka mu 1828 adali nambala 23 mwa ophunzira 33.

Ali ku usilikali adakondana ndi Sarah Knox Taylor, mwana wa mkulu wawo wa asilikali a Zachary Taylor, amene pambuyo pake adadzakhala pulezidenti wa America. A Taylor sadafune kuti mwana wawo akwatiwe ndi msilikali, choncho a Davis adavula yunifolomu n'kumanga ukwati mu Juni 1835. Ukwatiwo udakhala miyezi itatu basi. Onse awiri adagwidwa ndi malungo, ndipo Sarah adamwalira pa 15 Sepitembala chaka chomwecho.

Imfayi idawasintha. Kwa zaka pafupifupi 8 adadzitsekera pa esiteti ya Brierfield imene mkulu wawo adawapatsa kuti azilima, ntchito kuwerenga mabuku a malamulo ndi ndale. Amene ankagwetsa mitengo, kulima ndi kukolola thonje pa esitetiyo adali akapolo. Pofika 1860 a Davis adali ndi akapolo 113.

Owaikira kumbuyo amati adali bwana wachifundo. Amanena kuti kapitawo wawo woyamba, a James Pemberton, adali kapolo, ndiponso kuti akapolo a pa Brierfield ankaloledwa kuweruzana okha milandu. Zimenezi n'zoona. Koma goli ndi goli ngakhale mutalisema mosalala bwanji. Asilikali akumpoto atafika m'deralo nthawi ya nkhondo, ambiri mwa akapolo aja adathawa, osadikira kutsanzika.

Ife kuno goli timalidziwa. Mu Julayi 1861, nkhondo ya a Davis itangoyamba kumene, a David Livingstone ndi anzawo adamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame kumapiri a ku Shire. A Livingstone ankayembekezanso kuti thonje la kuchigwa cha Shire likadzalimidwa ndi anthu aufulu, mafakitale a ku Britain adzaleka kudalira thonje la akapolo a ku America. Choncho nkhani imene a Davis ankamenyera si yachilendo kwa ife.

Mu 1845 a Davis adakwatira a Varina Howell, amene adali ndi zaka 18, ndipo chaka chomwecho adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ku Washington. Nkhondo ya America ndi Mexico itabuka mu 1846, adasiya uphungu n'kukatsogolera asilikali a ku Mississippi. Pa nkhondo ya ku Buena Vista mu Febuluwale 1847 adawomberedwa phazi koma sadatsike pa kavalo mpaka nkhondo itazizira. Adabwerera kwawo ali ngwazi, ndipo adalowa m'nyumba ya Senate.

Kuyambira 1853 mpaka 1857 adali nduna ya zankhondo m'boma la a Franklin Pierce. Apa ndiye adagwira ntchito ndithu. Adakulitsa gulu la asilikali, adabweretsa mfuti zamakono, ndipo adaitanitsa ngakhale ngamila zoti zizinyamula katundu wa asilikali m'zipululu. Ngakhale adani awo amavomera kuti adali nduna yodziwa ntchito.

Koma pa nkhani ya ukapolo sadasunthe ndi pang'ono pomwe. Mfundo yawo idali yakuti kapolo ndi katundu ngati ng'ombe kapena ngolo, ndiye mwini wake ali ndi ufulu wopita naye kudera lililonse latsopano la America popanda boma kumuletsa. A Lincoln adapambana chisankho cha Novembala 1860 polonjeza kuti ukapolo usafalikirenso kumadera atsopano. Sadanene kuti authetsa kumene udalipo kale, koma eni akapolo adaona kuti ng'oma yasintha.

M'malo modikira chisankho china, zigawo zakummwera zidayamba kuchoka m'dziko chimodzichimodzi. Mississippi idachoka pa 9 Januwale 1861, ndipo pa 21 mwezi womwewo a Davis adatsanzika ku Senate. Iwo ankafuna kukhala mkulu wa asilikali, osati pulezidenti. Akazi awo adasimba kuti pamene telegalamu idawapeza m'dimba la maluwa ku Brierfield, nkhope yawo idagwa ngati amva za maliro. Adalumbiritsidwa pa 18 Febuluwale 1861 ku Montgomery kukhala pulezidenti wa dziko latsopano lotchedwa Confederate States of America. Pa 12 Epulo mizinga yawo idalira pa linga la Fort Sumter, nkhondo n'kuyamba.

Masamu okha adali owakanira. Zigawo 11 zakummwera zidali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, ndipo mwa iwo 3.5 miliyoni adali akapolo. Kumpoto kudali anthu pafupifupi 22 miliyoni, mafakitale ambiri ndi njanji zambiri. Mtsogoleri wa mbali yofooka chotere amafunika kukhala womva za anzake, poti mutu umodzi susenza denga. A Davis sadali wotero. Ankagwira ntchito usana ndi usiku ngakhale ankadwaladwala, koma ankafuna pepala lililonse lidutse m'manja mwawo. Wowatsutsa ankamuona ngati mdani. Adakangana ndi akazembe a nkhondo monga a Joseph Johnston ndi a P.G.T. Beauregard, pamene mnzawo a Braxton Bragg ankamukakamira ngakhale ankalephera poyera.

Nanga amene ankalipira ndani? Mu Epulo 1862 boma lawo lidayamba kulemba anthu usilikali mokakamiza. Mu Okutobala lidawonjeza lamulo lakuti pa esiteti iliyonse ya akapolo 20 kapena kuposa, mzungu mmodzi asapite kunkhondo. Alimi osauka, amene adalibe kapolo ndi mmodzi yemwe, adaona okha kuti akufera chuma cha mabwana.

Pa 2 Epulo 1863 amayi a mumzinda wa Richmond, likulu la boma lawo, adathyola masitolo chifukwa cha njala. A Davis adafika pamalopo n'kuwaponyera ndalama zimene zidali m'thumba mwawo, ndipo amayiwo adabalalika ataopsezedwa kuti asilikali awombera. Mu Julayi chaka chomwecho asilikali awo adagonja ku Gettysburg ndi ku Vicksburg. Mu Epulo 1864 mwana wawo Joseph, wa zaka 5, adagwa pakhonde la pamwamba la nyumba ya pulezidenti n'kumwalira. Mu Sepitembala mzinda wa Atlanta udagwa, ndipo mu Novembala a Lincoln adapambananso chisankho.

Apa aliyense wa maso adaona kuti zatha. Mwayi wolekeza udabwera pa 3 Febuluwale 1865, pamene a Lincoln adakumana ndi nthumwi zitatu zakummwera, kuphatikizapo wachiwiri kwa a Davis, a Alexander Stephens, m'sitima ya pamadzi ku Hampton Roads. A Lincoln ankafuna kuti akummwera atule zida, abwerere m'dziko limodzi, ndipo avomere kuti ukapolo watha. Adatchulako ngakhale zoti eni akapolo angathe kupatsidwa chipukuta misozi. Koma a Davis adali atalamula kale nthumwi zawo kuti zokambirana zikhale za mayiko awiri oima paokha. Msonkhano udatha popanda kanthu, ndipo anthu zikwi zambiri adafa m'miyezi iwiri yotsatira.

Lamulungu pa 2 Epulo 1865, a Davis ali m'tchalitchi cha St. Paul's ku Richmond, adalandira uthenga wochokera kwa mkulu wa asilikali awo, a Robert E. Lee, wakuti mzindawo sungatetezekenso. Usiku womwewo boma lonse lidakwera sitima kuthawira ku Danville. Atafika kumeneko a Davis adalengeza kuti nkhondo ikupitirira, ati tsopano asilikali amasuka poti alibenso mizinda yoilondera. Patangotha masiku asanu, pa 9 Epulo, a Lee adatula zida ku Appomattox.

A Davis adapitirira kummwera. Ku Greensboro a Johnston adawauza maso ndi maso kuti anthu atopa ndipo asilikali akuthawa tsiku ndi tsiku. Pa 14 Epulo a Lincoln adawomberedwa n'kumwalira m'mawa mwake. Pa 26 Epulo a Johnston adatula zida, ngakhale a Davis ankafuna kuti abwerere m'mbuyo ndi apakavalo n'kumenyabe. Pa 2 Meyi, m'tauni ya Abbeville ku South Carolina, a Davis adaitana akuluakulu asanu a asilikali apakavalo amene ankawaperekeza. Onse asanu adanena chimodzimodzi: nkhondo yatha, ndipo anyamata awo akuyenda nawo pofuna kungowathandiza kuthawa basi. Amene adalipo adasimba kuti a Davis adafooka mpaka adachita kugwiriziridwa potuluka m'chipindamo.

Komabe sadamve. Maganizo awo adali owoloka mtsinje wa Mississippi kukapeza asilikali a Edmund Kirby Smith n'kukayambiranso nkhondo kumeneko. Nduna zinkawasiya imodziimodzi. Tsiku lomwelo la 2 Meyi, pulezidenti watsopano wa America, a Andrew Johnson, adalonjeza madola 100,000 kwa wowagwira, powaganizira kuti adatengapo mbali pa imfa ya a Lincoln. Umboni wa zimenezi sudapezeke.

Ali m'chigawo cha Georgia a Davis adamva kuti achifwamba akufuna kulanda ngolo zimene zidanyamula akazi awo ndi ana, ndiye adapatuka kukayenda nawo limodzi. Ngolozo zidawachedwetsa. Madzulo a pa 9 Meyi adamanga matenti pafupi ndi kamtsinje kunja kwa Irwinville. Kavalo wawo adali womangiratu chishalo poti ankafuna kunyamuka usiku, koma mphekesera ya achifwamba ija idawagoneka pomwepo.

Pambuyo pawo padali magulu awiri a apakavalo akumpoto, onse otumidwa ndi a James Wilson kuchokera ku Macon. Gulu la ku Wisconsin linkatsogozedwa ndi a Henry Harnden, ndipo la ku Michigan ndi a Benjamin Pritchard. Akuluakulu awiriwa adakumana panjira pa 9 Meyi n'kusiyana, wina kutsata mapazi a ngolo, wina kudzera njira ina. A Pritchard ndiwo adayamba kufika pakati pa usiku. Adatuma anyamata 25 wapansi kuti akazungulire kuseri kwa matenti n'kutseka njira yothawira, ndipo m'bandakucha adalowa pamsasa. Palibe mmodzi wa anthu a Davis amene adawomba mfuti.

Mfuti zidalira kuseri kuja. Anyamata a ku Wisconsin, potsata njira yawo mumdima, adagundana ndi anzawo 25 aja. Mbali iliyonse idayesa kuti yakumana ndi asilikali olondera a Davis. A Pritchard adathamangitsa anyamata ena kukathandiza, moto n'kukula. Zidaleka pokhapokha atagwira mmodzi wa mbali inayo n'kuona kuti wavala yunifolomu yofanana ndi yawo. Pansi padagona a John Rupert ndi a John Hines, onse a ku Michigan. Padali patatha mwezi wathunthu a Lee atatula zida.

Mkati mwa chipwirikiti chimenecho a Davis adayesa kuzemba. Mumdima adatola chikhothi cha mvula cha akazi awo poyesa n'chawo, ndipo a Varina adawafunditsa shawelo kumutu. Akulowera kumtsinje, msilikali wina adaona nsapato zachimuna zokwerera kavalo n'kuwaimitsa ndi mfuti. A Davis adataya shaweloyo n'kulunjika kwa msilikaliyo, koma a Varina adathamanga n'kuwakumbatira kuti asawomberedwe. Upulezidenti udathera pomwepo.

Opambana nawo adalakwitsa pawo. Manyuzipepala akumpoto adafalitsa bodza lakuti a Davis adagwidwa atavala diresi, ndipo ojambula zithunzi zoseketsa adadyerera. Atawatsekera ku Fort Monroe ku Virginia, adawamanga unyolo m'miyendo kwa masiku angapo, nyale ikuyaka m'chipinda usiku wonse, msilikali akuyendayenda pakhomo. Zotsatira zake? Anthu akummwera amene dzulo lake ankawatukwana kuti awagwetsa m'mavuto adayamba kuwamvera chisoni. Unyolo udawabwezera ulemu umene utsogoleri wawo udawatayitsa.

Adakhala m'ndende zaka ziwiri pa mlandu woukira boma umene sudazengedwe konse. Boma linkaopa kuti khoti la ku Richmond likhoza kuwamasula, n'kuoneka ngati kugaluka kuja kudali kololedwa. Mu Meyi 1867 adatuluka pa belo ya madola 100,000, ndipo ena mwa osayinira adali a Horace Greeley ndi a Gerrit Smith, anthu odziwika polimbana ndi ukapolo. Mlandu udathetsedwa mu 1869.

Potuluka adapeza dziko lina. Ukapolo udali utathetsedwa m'malamulo a dziko mu Disembala 1865. Esiteti ya Brierfield mkulu wawo adali ataigulitsa kwa a Benjamin Montgomery, amene kale adali kapolo wa a Joseph, ndipo a Davis adachita kupita kukhoti kuti ibwerere kwa iwo. Mu 1870 chigawo cha Mississippi, chimene iwo ankachiimira, chidatumiza ku Senate a Hiram Revels, munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumbayo. A Davis adakhalako ku Canada ndi ku England, kenako adayendetsa kampani ya inshuwalansi ku Memphis imene idagwa mu 1873. Ana awo aamuna onse anayi adamwalira iwo akadali moyo.

Zaka zawo zomaliza adakhala pa nyumba ya Beauvoir pafupi ndi Biloxi, kumene adalemba buku lalikulu lotchedwa The Rise and Fall of the Confederate Government, lotuluka mu 1881. M'bukumo adalimbikira kuti zigawo zidali ndi ufulu wochoka m'dziko, ndipo kuti gwero la nkhondo silidali ukapolo. Apa ndiye povuta, abale. Chikalata chimene chigawo chawo cha Mississippi chidalemba pochoka mu 1861 chidanena poyera kuti nkhani ndi ukapolo. Malamulo a dziko limene iwo adalumbira kuliteteza adaletsa kukhazikitsa lamulo lililonse lolanda munthu akapolo ake. Zolembedwazo zilipo mpaka lero, ndipo zimatsutsa buku la a Davis.

Sadapemphe chikhululukiro kwa boma, poti ankati sadalakwe. N'zoona kuti mu 1888 adalangiza achinyamata akummwera kuti ataye chidani n'kugwirizana ndi dziko lonse. Koma kwa anthu mamiliyoni amene boma lawo lidafuna kuwasunga mu ukapolo sadapepese. Adamwalira ku New Orleans pa 6 Disembala 1889 ali ndi zaka 81, ndipo anthu miyandamiyanda adaperekeza maliro awo. Mu 1893 mafupa awo adakaikidwanso ku Richmond.

Kuyambira pamenepo dziko la America lakhala likukangana za mmene liwakumbukirire. Adawamangira ziboliboli, misewu ndi sukulu zidatenga dzina lawo, ndipo pamalo pamene adagwidwira paja pali chipilala chowakumbukira. Mu 1978 a Jimmy Carter adasayina lamulo lowabwezera unzika. Koma mu 2017 mzinda wa New Orleans udachotsa chiboliboli chawo, ndipo mu Juni 2020 anthu ochita zionetsero adagwetsa china ku Richmond.

Tiwaweruze bwanji? Sadali wamantha, sadali waulesi, ndipo banja lawo ankalikonda. Pa zimenezi tisawanamizire. Koma kulimba mtima pa nkhani yoipa si ukoma, kumangotalikitsa maliro. Anthu awo atagonja pa chisankho mu 1860, a Davis adavomera kutsogolera nkhondo. Atagonja pa nkhondo adakana mtendere ku Hampton Roads. Akazembe awo onse atawauza kuti basi, adasankha kuthawa ndi maloto oyambiranso. Pa kukana kulikonse padafa ana a eni, ndipo a Rupert ndi a Hines adangokhala m'gulu la omalizira.

A Lee ndi a Johnston adamenyera nkhani yoipa yomweyo, koma tsiku litafika adawerenga anyamata awo otsala n'kuwauza kuti azipita kwawo akalime. Umenewo ndi udindo umene a Davis, ndi maphunziro awo onse, adaulephera. Akuluakulu adati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu. Vuto la mtsogoleri wosamva n'lakuti nkhwangwayo imayamba yatema mitu ya ena. Iye a Davis adafa ndi ukalamba, pabedi, patatha zaka 24 anyamata awiri a ku Michigan aja ataikidwa m'manda.